Kodi manambala a pa lipoti la sekondale ya boma ku America amatiuza chiyani?

Chaka chilichonse, chigawo (state) chilichonse cha dziko la United States chimatulutsa lipoti la sukulu iliyonse ya boma. Lipotilo limakhala ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi imanena mmene ophunzira anakhozera mayeso ndiponso kuchuluka kwa amene anamaliza sukulu. Mbali ina imanena kuti ophunzirawo ndi otani, kutanthauza mtundu wawo, chinenero cha kunyumba kwawo, angati akuchokera m'mabanja osauka, angati ali ndi ulumali. Manyuzipepala amatenga manambalawa n'kupanga mndandanda wa sukulu "zabwino" ndi "zoipa", ogulitsa nyumba amawaika pa zotsatsa zawo, ndipo andale amakangana nawo.

Munthu akayang'ana lipoti lotere amasokonezeka msanga. Zimatheka sukulu imodzi kukhala ndi ophunzira ochepera theka okhoza masamu, koma pafupifupi onse n'kumaliza sukulu ndi satifiketi. Zimathekanso sukulu imene ili kumunsi kwa mndandanda wa nyuzipepala kuyamikiridwa ndi boma kuti ikuphunzitsa bwino. Apa palibe amene akunama, koma nambala iliyonse imayankha funso lakelake, ndipo mafunsowo si ofanana.

Sukulu ya boma ndi ana amene imalandira

Sekondale ya ku America, imene iwo amati high school, nthawi zambiri imayambira giredi 9 mpaka 12, ndipo ana ake amakhala a zaka 14 mpaka 18. Sukulu yaboma wamba sisankha ana ndi mayeso olowera. Mwana amapita kusukulu ya dera limene makolo ake akukhala, malinga ndi malire amene ofesi ya maphunziro ya deralo inalemba. Maofesi oterewa alipo oposa 13,000 m'dziko lonse.

Apa m'pamene nkhani ya mitundu ndi chuma imalowera. Ana a pasukulu amafanana ndi anthu okhala m'dera lozungulira sukuluyo, ndipo ku America olemera ndi osauka, azungu ndi anthu akuda, kawirikawiri sakhala m'madera amodzi. Mu 1954, pa mlandu wa Brown v. Board of Education, Khoti Lalikulu la dzikolo linaletsa kulekanitsa ana m'sukulu potengera khungu. Koma mu 1974, pa mlandu wa Milliken v. Bradley wokhudza mzinda wa Detroit, khoti lomwelo linati madera a kunja kwa mzinda sangakakamizidwe kusinthana ana ndi mzindawo pokhapokha patapezeka umboni woti nawonso anachita tsankho. Ndalama nazonso zimatsatira malire omwewa. Gawo lalikulu limachokera ku boma la chigawo ndi ku msonkho wa nyumba ndi malo wa m'deralo, pomwe boma lalikulu la ku Washington limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Mu 1973 Khoti Lalikulu linagamula kuti kusiyana kwa ndalama pakati pa madera sikuphwanya malamulo aakulu a dziko, choncho milandu yotere inasamukira ku makhoti a m'zigawo.

Sukulu yotere ili ngati ukonde woponyedwa pamalo amodzi. Zimene uli nazo zimadalira malo amene waponyedwa. Koma kuli sukulu zina zaboma zimene zimasankha ana ndi mayeso, monga Stuyvesant ya ku New York, ndipo kuyerekeza malikisi ake ndi a sukulu yolandira aliyense n'kusakaniza zinthu ziwiri zosiyana.

"Okhoza" ndi ndani?

Nambala imene anthu amathamangira ndi ya ophunzira amene afika pa mlingo wotchedwa proficient, kutanthauza kuti akudziwa zimene mwana wa giredi imeneyo ayenera kudziwa. Mayeso ake ndi a chigawo, osati a dziko lonse. Lamulo la boma lalikulu limafuna kuti ana ayesedwe kuwerenga ndi masamu chaka chilichonse kuyambira giredi 3 mpaka 8, ndiyeno kamodzi kusekondale, komanso kuti osachepera 95 pa 100 alionse alembe.

Zimenezi zinakhwima ndi lamulo la No Child Left Behind, limene Pulezidenti George W. Bush anasainira mu January 2002. Lamuloli linalamula kuti pofika 2014 mwana aliyense akhale atafika pa mlingo wokhoza, ndipo sukulu zolephera kuyandikira cholingacho zinkapatsidwa zilango zokwererakwerera. Koma linasiyira chigawo chilichonse ufulu wolemba mayeso ake ndi kusankha malikisi okhozera. Zotsatira zake zinaonekera poyerekeza ndi mayeso a dziko lonse otchedwa NAEP, amene anayamba mu 1969 ndipo amalembedwa ndi ana osankhidwa mwa apo ndi apo. Mu 2005, mayeso a chigawo cha Mississippi anaonetsa kuti ana 89 pa 100 alionse a giredi 4 ankawerenga bwino, pomwe NAEP inapeza 18. Chigawocho chasintha kwambiri mayeso ake kuchokera nthawi imeneyo, koma chitsanzocho chimaonetsa kuti liwu limodzi lingatanthauze zinthu ziwiri. Mu December 2015 lamulolo linalowedwa m'malo ndi Every Student Succeeds Act, limene linachotsa cholinga cha 100 pa 100 koma linasunga mayeso.

Taganizirani masewera odumpha chingwe chopingasa. Kuwerenga amene adumpha kumakuuzani pamene chingwe chamangidwa, mofanana ndi mmene kumakuuzirani za miyendo ya odumphawo. Sikukuuzani ngati amene analephera anachikhudza pang'ono kapena sanachifike n'komwe. Mwana amene anatsala ndi malikisi awiri ndi mwana amene sangawerenge ndime imodzi, onse amalembedwa chimodzimodzi kuti "sanakhoze". N'chifukwa chake ofufuza anaona sukulu zina zikuika khama pa ana amene ali pafupi ndi chingwe, chifukwa iwowo ndi amene amasuntha nambala.

Magulu a ophunzira

Lipoti silipereka avereji ya sukulu yokha. Limagawanso malikisi m'magulu. Cholinga chake chinali chakuti avereji yabwino isabise gulu limene likutsalira, ndipo pamfundo imeneyi ngakhale anthu ambiri odana ndi lamulo la 2002 amavomereza kuti linathandiza.

Magulu a mitundu amene sukulu zakhala zikugwiritsa ntchito kuyambira chaka cha maphunziro cha 2010–11 ndi 7: a Hispanic (amene mabanja awo anachokera ku Latin America kapena kumayiko olankhula Chisipanishi), azungu, akuda, a ku Asia, eni nthaka a ku America (American Indian) ndi a ku Alaska, eni nthaka a ku Hawaii ndi zilumba za Pacific, ndi a mitundu iwiri kapena kuposerapo. Banja ndi limene limadzisankhira pa fomu. Maguluwa ndi matumba aakulu kwambiri. M'thumba la "akuda" muli mdzukulu wa anthu amene anali akapolo ku Alabama ndi mwana wa dokotala wochokera ku Lagos. M'thumba la "a ku Asia" muli mwana wa injiniya wochokera ku India ndi mwana wa banja la a Hmong limene linathawa nkhondo ku Laos. Gulu la mtundu silifotokoza chifukwa cha malikisi, limangoonetsa pamene pali kusiyana kofunika kufufuza. Cha m'ma 2014, ana achizungu anayamba kukhala ochepera theka la ophunzira onse a sukulu zaboma.

Pali magulu enanso awiri ofunika. Loyamba ndi la ana aulumali, amene ufulu wawo wophunzira m'sukulu zaboma unakhazikitsidwa ndi lamulo la 1975, ndipo lero ndi pafupifupi 15 pa 100 alionse. Lachiwiri ndi la ana amene akuphunzira kumene Chingelezi, pafupifupi mmodzi pa 10 alionse. Gulu lachiwirili lili ndi chodabwitsa chake. Mwana akadziwa Chingelezi bwino amatuluka m'gulumo, ndipo m'malo mwake mumalowa wobwera kumene. Zili ngati kuweruza wodi ya m'chipatala pongowerenga amene agona pabedi lero, pamene onse ochira anapita kwawo. Pofuna kuchepetsa vutoli, lamulo la 2015 limalola zigawo kuwerengerabe ana otere m'gululi mpaka zaka zinayi atatulukamo.

Gulu likakhala laling'ono, manambala ake amadumphadumpha. Pa ana 12, mwana mmodzi yekha amasuntha zotsatira ndi mapointi 8. Choncho chigawo chilichonse chimaika chiwerengero chochepetsetsa, kawirikawiri pakati pa 10 ndi 30, ndipo gulu losafika pamenepo malikisi ake sagwiritsidwa ntchito poweruza sukulu. Malire akakhala otsika, zinsinsi za ana zimakhala pangozi ndipo manambala sadalirika. Akakhala okwera, ana ena sawoneka pa lipoti.

Umphawi umene umayezedwa ndi chakudya chamasana

Sukulu sifunsa makolo malipiro awo polembetsa mwana. Nanga nambala ya "ana osauka" imachokera kuti? Kwa zaka zambiri inkachokera ku khitchini ya sukulu. Mu 1946 Pulezidenti Harry Truman anasainira lamulo la chakudya chamasana m'sukulu. Lero mwana wa m'banja lopeza ndalama zosapitirira 130 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma limaika amadya ulere, ndipo wa m'banja lopeza mpaka 185 peresenti amalipira mtengo wotsika, wosapitirira masenti 40. Popeza mayina a ana amenewa analipo kale, ofufuza ndi maofesi anayamba kuwagwiritsa ntchito ngati muyeso wa umphawi.

Kumeneku kuli ngati kuyeza mvula powerenga maambulera mumsewu. Kumathandiza, koma ena anyowa alibe ambulera, ndipo ambulera sikuuzani ngati ndi mawawa kapena chimvula. Banja lopanda pokhala ndi banja la makolo awiri ogwira ntchito za malipiro ochepa onse amalowa m'gulu limodzi. Kusekondale nambalayi imatsika poyerekeza ndi kupulayimale ya dera lomwelo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti achinyamata ena amachita manyazi kubweza fomu. Kenako kunabwera lamulo la 2010 lolola sukulu za m'madera osauka kudyetsa ana onse ulere popanda mafomu, limene linafalikira dziko lonse mu 2014–15. Linali labwino kwa ana anjala, koma linasokoneza muyeso. Zigawo zina zinasintha n'kuyamba kuwerenga ana okhawo amene mabanja awo ali kale pa mndandanda wa chithandizo cha boma. Motero sukulu ikhoza kuoneka ngati "yalemera" kapena "yasauka" m'chaka chimodzi, ana ali omwewo.

Chifukwa chake mbali ziwirizi zimayendera limodzi

Mukatenga sekondale zonse za chigawo chimodzi n'kuzindandalika potengera malikisi, ndiyeno n'kuzindandalikanso potengera chuma cha mabanja, mindandanda iwiriyo imafanana kwambiri. Zimenezi zinadziwika kale. Mu 1966 katswiri wa zachikhalidwe cha anthu James Coleman, wa ku yunivesite ya Johns Hopkins, anatulutsa lipoti la kafukufuku amene boma linamutuma, wokhudza ana oposa 600,000. Ambiri ankayembekezera kuti apeza kuti kusiyana kwa malikisi kumachokera ku nyumba za sukulu, mabuku ndi ndalama. Iye anapeza kuti banja limene mwana akuchokera, ndiponso mabanja a anzake a m'kalasi, zinkagwirizana kwambiri ndi malikisi kuposa zipangizo za sukulu.

Anthu akhala akukokerana lipoti limeneli kwa zaka zoposa 50. Ena analitenga ngati umboni woti kuthira ndalama m'sukulu sikuthandiza. Ena anati likusonyeza kufunika kosakaniza ana olemera ndi osauka. Kafukufuku wa pambuyo pake, wogwiritsa ntchito njira zimene Coleman analibe, anabwezeretsa ndalama pa mkangano. Mu 2016 Kirabo Jackson, Rucker Johnson ndi Claudia Persico anatsatira ana a m'madera amene makhoti analamula kuti ndalama za sukulu ziwonjezedwe, ndipo anapeza kuti ana osauka a kumeneko anapitirira sukulu ndipo atakula ankalandira malipiro okwerapo.

Kawerengedwe kosavuta kangathandize apa. Chaka cha sukulu chili ndi masiku pafupifupi 180, tsiku lililonse maola 6 kapena 7. Ndi maola pafupifupi 1,200, ndipo mwana amakhala maso maola oposa 5,000 pachaka. Pamwamba pa zimenezo, sekondale imamulandira ali ndi zaka 14, atadutsa kale m'manja mwa aphunzitsi ambiri. Malikisi a giredi 11 ali ndi ntchito ya sekondale mkati mwake, komanso ali ndi mabuku amene anali kapena panalibe kunyumba, matenda, kusamukasamuka, ntchito yamadzulo, ndi mphunzitsi wa giredi 2.

Avereji ikhoza ngakhale kutembenuza choonadi. Tiyerekeze sukulu ziwiri zongopeka, iliyonse ya ana 100. Yoyamba ili ndi ana 80 a mabanja opeza bwino, ndipo 56 akhoza, ndi ana 20 osauka, ndipo 6 akhoza. Onse pamodzi ndi 62. Yachiwiri ili ndi ana 20 opeza bwino, 16 akhoza, ndi ana 80 osauka, 32 akhoza. Onse pamodzi ndi 48. Pa mndandanda wa nyuzipepala yoyamba ili pamwamba. Koma yang'anani gulu lililonse palokha: kwa opeza bwino, yoyamba yakhozetsa 70 peresenti, yachiwiri 80. Kwa osauka, yoyamba 30, yachiwiri 40. Sukulu yachiwiri yapambana pa magulu onse awiri koma yagonja pa avereji. Akatswiri a ziwerengero amatchula chodabwitsachi ndi dzina la Edward Simpson, amene anachifotokoza mu 1951.

Apa pamafunika kusamala mbali zonse. Kugwirizana kwa umphawi ndi malikisi ndi nkhani ya magulu aakulu, sikulosera za mwana mmodzi. Ndipo pakati pa sukulu zofanana pa umphawi pamakhalabe kusiyana kwenikweni, kumene sikungafotokozedwe ndi mabanja.

Pamene mwana wafika ndi mtunda umene wayenda

Pofuna kulekanitsa ntchito ya sukulu ndi zimene mwana anabwera nazo, zigawo zambiri zimayezanso kupita patsogolo. M'malo mofunsa kuti mwana wafika pati, zimafunsa kuti wayenda mtunda wotani poyerekeza ndi anzake amene chaka chatha anali ndi malikisi ofanana ndi ake. Njirayi inatchuka ndi William Sanders ku Tennessee kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Madalaivala awiri akafika pamalo amodzi, wina 10 koloko wina 12 koloko, simunganene amene anayendetsa mwachangu musanadziwe kumene aliyense ananyamukira. Muyeso wa kupita patsogolo umafunsa za ponyamukira. Umagwirizana pang'ono ndi chuma cha mabanja poyerekeza ndi chiwerengero cha okhoza, ndipo n'chifukwa chake sukulu ya ana osauka ikhoza kukhala kumunsi pa muyeso wina koma pamwamba pa unzake. Kuipa kwake n'kwakuti umasinthasintha chaka ndi chaka, masamu ake kholo wamba silingawatsatire, ndipo kusekondale umavuta kwambiri chifukwa mayeso a chigawo amakhala ochepa. Pakati pa mayeso a giredi 8 ndi a giredi 11 padutsa zaka zitatu, ndipo ana ena amene akanatsitsa nambala amakhala atasiya sukulu.

Kumaliza sukulu

Kale chigawo chilichonse chinkawerengera omaliza sukulu mwa njira yake. Malamulo a 2008 anakhazikitsa njira imodzi, yakuti awerengedwe onse amene analowa giredi 9, awonjezeredwe obwera, achotsedwe amene pali umboni woti anasamukira kusukulu ina, ndiyeno aonedwe angati alandira satifiketi pakatha zaka zinayi. Mu 2010–11 chiwerengero cha dziko lonse chinali 79 peresenti, ndipo pofika 2019–20 chinali pafupifupi 87.

Chimenechi ndi chifukwa chake sukulu ikhoza kukhala ndi okhoza masamu ochepa koma omaliza ambiri. M'zigawo zambiri satifiketi imadalira kupambana maphunziro a m'kalasi, amene amachongedwa ndi aphunzitsi a pasukulupo, osati mayeso a chigawo. Kukwera kwa chiwerengerochi mbali ina n'kwenikweni, koma mbali ina kuli ndi mafunso. Ku Washington, D.C., kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amene anamaliza mu 2017 anapatsidwa satifiketi mosatsatira malamulo a ofesi ya maphunziro, ambiri atajomba masiku ochuluka. Katswiri wina, Donald Campbell, anachenjeza m'zaka za m'ma 1970 kuti nambala ikayamba kugwiritsidwa ntchito popereka mphotho ndi zilango, anthu amayamba kuipotoza. Ku Atlanta, lipoti la 2011 linatchula anthu 178, aphunzitsi ndi akuluakulu a sukulu, pa nkhani yosintha mayankho a ana, ndipo mu 2015 anthu 11 anapezeka olakwa kukhoti.

Zimene anthu akukanganabe

Kodi poweruza sukulu, boma liziganizira mtundu ndi umphawi wa ana ake? Oyankha kuti inde amati kusatero n'kulanga aphunzitsi chifukwa cha dera limene akugwiramo ntchito, ndipo kumathamangitsa aphunzitsi abwino kusukulu zimene zikuwafuna kwambiri. Oyankha kuti ayi amati kutero n'kuuza mwana wosauka kuti kwa iye zochepa n'zokwanira, pamene yunivesite ndi olemba ntchito sadzam'chotsera kanthu.

Kodi muyeso wa pamene mwana wafika ndi wa mtunda umene wayenda zigawane bwanji mphamvu poweruza sukulu? Chigawo chilichonse chili ndi yankho lake, ndipo kusintha pang'ono kagawidweko kumasintha mndandanda wonse.

Kodi kufalitsa manambala a mitundu kumateteza ana, kapena kumathandiza mabanja opeza bwino kupewa sukulu zina, mitengo ya nyumba n'kutsatira, kusiyana n'kukulirakulira? N'zotheka kuti zonse ziwiri zikuchitika nthawi imodzi, ndipo sizinadziwike kuti cholemera ndi chiti.

Umphawi uziyezedwa ndi chiyani tsopano, popeza chakudya chamasana chikusiya kukhala muyeso? Nanga magulu a mitundu, amene boma lalikulu linawasinthanso mu 2024 powonjezera gulu la anthu ochokera ku Middle East ndi kumpoto kwa Africa, adzayerekezedwa bwanji ndi manambala a zaka zam'mbuyo?

Palinso kujomba. Zigawo zambiri zinaika pa lipoti chiwerengero cha ana ojomba masiku okwana 10 peresenti ya chaka kapena kuposerapo. Mliri wa COVID-19 usanabwere anali pafupifupi 15 pa 100 alionse, ndipo mu 2021–22 anayandikira 30. Mwana akapanda kubwera kusukulu chifukwa akulera mng'ono wake kapena basi sifika kwawo, nambala imeneyo ilembedwe pa sukulu, pa banja, kapena pa mzinda?